Rauta Ikafa Msanga, Musabwerere Kumudzi Cimanjamanja

Awerengi athu a kumidzi, masiku ano kabokosi kochedwa rauta, kamene kagawira intaneti m'nyumba popanda nthambo, kafika ngakhale kumene msewu wa tala sunafike. Aphunzitsi a ku Lundazi, alembi a makopaletivu ku Katete, ndiponso alimi amene ana ao ali ku Migodi, onse ali kugula. Ambiri agula ndi ndalama ya cimanga kapena nshawa, ndalama imene ibwera kamodzi pa caka. Cotero kabokosi aka kakazima patapita masabata atatu cabe, si nkhani yoseka ai.

Kawiri-kawiri munthu akabwerera nayo rauta yakufa ku sitolo, mwini sitolo amloza cikwangwani ca pakhoma conena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Cikwangwani cotere ncosaloleka m'dziko muno. Lamulo loteteza ogula limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'caka ca 2010, ndi kulikonzanso mu 2023, liletsa wamalonda ali yense kupacika mau okana udindo wace kwa wogula. Liletsanso kugulitsa katundu wacilema, kapena wolephera nchito imene anapangidwira. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, lodziwika ndi dzina lakuti CCPC, lili ndi mphamvu yolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama zace, kapena apatsidwe katundu wina wabwino.

Pepala la waranti limene mupeza m'bokosi ndi lonjezo la wopanga kapena wogulitsa lakuti adzakonza cinthuco kwa miyezi imene yalembedwapo. Lonjezolo liwonjezera pa lamulo, silifafaniza lamulo ai. Koma cimene citidandaulitsa kweni-kweni ndi cizolowezi ca amalonda ena, amene amati akaona pepalalo auza munthu wa kumudzi kuti apite yekha kwa akatswiri ku Lusaka. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi mtunda woposa makilomita 500. Mukawerenga ndalama ya basi popita ndi pobwera, ya cakudya ndi ya pogona, mudzaona kuti yayandikira mtengo wa rautayo. Wamalonda adziwa bwino lomwe kuti mlimi sadzapita, ndipo mlandu uthera pomwepo. Ife tikuti amene analandira ndalama ndiye ayenera kulandiranso katundu wakufayo, kulemba pepala losonyeza kuti waulandira, ndi kuutumiza yekha kumene anaugula.

Tinenenso zoona za mbali inayo. Waranti kawiri-kawiri siikhudza rauta imene yaombedwa ndi mphenzi, yalowa madzi, kapena yapsa cifukwa ca magetsi obwera mwamphamvu. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo kubwera kwace kwadzidzidzi ndi mdani wa zipangizo zotere. Enanso a sola alumikiza rauta ku batire mosayang'ana mavoti olembedwa kunsi kwace. Pamenepo wamalonda sitingamuimbe mlandu. Komabe mau akuti "ndi mphenzi" asakhale pobisalira. Munthu sangayang'ane bokosi kunja kokha nagamula kuti laombedwa, makamaka m'mwezi wa July, pamene kumwamba kulibe ngakhale kamtambo ka mvula! Pemphani kuti katswiri aiyese ndi kulemba cimene wapeza. Inu eni musaitsegule, ndiponso musaipereke kwa wokonza mawailesi wa pamsika, pakuti cidindo cace cikang'ambika waranti nayo yatha. Nthawi zina cakufa ndi adaputa cabe, imene njosavuta kusintha.

Tsiku logula, iyeseni m'sitolo momwemo ndi simu khadi yanu. Musacoke opanda lisiti yokhala ndi dzina la sitolo, tsiku, mtengo ndi nambala ya rautayo imene ili pa kapepala komatidwa kunsi kwace. Ngati mwalipira pa foni, uthenga wa malipirowo musaufute. Rauta ikayaka bwino koma intaneti osabwera, vuto lingakhale la kampani ya netiweki. Kadandauleni kumeneko coyamba, ndipo akalephera kukuthandizani, bungwe la ZICTA ndilo liyang'anira makampani amenewa. Koma wamalonda akakana katundu wace wacilema, tengani lisiti ndi rautayo mukaonane ndi a CCPC mosacedwa.

Akulu a CCPC tiwapempha kuti m'miyezi yogulitsa mbeu, pamene ndalama ili m'manja mwa alimi, azifika ku Petauke, ku Chadiza ndi ku maboma ena, azilowa m'masitolo ndi kutsitsa zikwangwani zija, ndiponso azikamba ndi anthu m'Cinyanja pa mawailesi a m'maboma.