Doko Ndilo Khomo la Mgodi

Abale a m'migodi ndi m'mapulazi, ambiri a ife sitinaione nyanja ya mcere, ndipo tiyesa kuti nkhani za zombo ndi madoko ziri za eni makampani okha. Iai, si tero: njira ya ku doko ikatsekeka, woyamba kugona ndi njala ndiye wanchito.

Taonani za malasha. Malasha okumbidwa ku Mpumalanga ayenda pa njanji kunka ku Richards Bay, kumene anayamba kuwakweza m'zombo m'caka ca 1976. M'caka ca 2017 anakweza matani 76 miliyoni, koma m'caka ca 2023 anakweza matani 47 miliyoni okha. Kodi amuna a pansi anagwidwa ulesi? Kutalitali. Malasha anaunjikana pa migodi pakuti Transnet, mwini njanji, inasowa mainjini amoyo, ndiponso mbala zinali kudula mawaya a mkuwa amene apatsa sitima magetsi.

Comvetsa cisoni ndi ici. M'caka ca 2022, itabuka nkhondo ya Russia ndi Ukraine, maiko a ku Ulaya analeka kugula malasha a Russia, mtengo unakwera ndithu, ogula nadza ndi ndalama m'manja. Koma njanji inalephera. Eni migodi analemba malole nadzaza miseu, cinkana lole isenza matani osafika 40, pamene sitima imodzi ikoka mabogi 200. Mtengo utatsika m'caka ca 2023, malole sanapindulenso, ndipo migodi ina inacepetsa anchito.

Inu a m'mapulazi musati izi nza ku mgodi. Malalanje a ku Limpopo ndi mphesa za ku Cape sizilinda monga malasha. M'mwezi wa November 2023 zombo zambiri zinaima masabata kunja kwa Durban, popeza makina okweza katundu anali okalamba ndi ofaifa. Cipatso cikacedwa pa doko cifika kwa ogula citafooka, mtengo wace ugwa, ndipo mwini pulazi alemba othyola owerengeka caka cotsata. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Tsono ndinena ziwiri. Coyamba, mabungwe athu pokambana za malipiro afunsenso Boma za njanji ndi makina a pa doko, pakuti malipiro okwera athandizanji mgodi ukatsekedwa? Caciwiri cikhudza ife eni. Waya wobedwa usiku sauluka. Alipo amusenza, alipo amubisa m'komboni, alipo amugula. Wina adzati mbalayo ndi mmphawi wosowa nchito, ndipo umphawi wace sitiukana. Koma ndalama zace za usiku umodzi ziimitsa sitima ya anthu zikwi, ndipo akazi ndi ana kumudzi alinda pacabe ndalama zimene tikadatumiza.

Musamubise wotere, cinkana ali wa kwanu. Njanji imene adula ndiyo itidyetsa tonse.