Kalabu iliyonse ya achinyamata ikhale ndi tsiku lowerenga

Achinyamata anzanga, makalabu athu amadziwika ndi zinthu zitatu: zisudzo, nyimbo ndi mpira. Pa 1 Disembala, tsiku lokumbukira za matenda a Edzi padziko lonse, ndife timasangalatsa anthu pabwalo, mafumu ndi alendo n'kumaomba m'manja. Zimenezi ndi zabwino ndipo zisathe. Koma pali chinthu chimodzi chomwe makalabu ambiri sachita, chomwe ndi kukhala pansi ndi kuwerenga limodzi. Maganizo anga ndi akuti kalabu iliyonse ipatule tsiku limodzi pamwezi loti mamembala awerenge buku, kabuku kapena nkhani imodzi, kenako akambirane zomwe awerengazo. Ntchito imeneyi siifuna galimoto kapena alawansi, koma ingathe kupulumutsa moyo wa wina mwa ife.

Uthenga unasintha, ife tikuimbabe zakale

Kachirombo ka HIV kanapezeka koyamba m'Malawi muno mu 1985. M'zaka zoyambirira zija munthu wamba sakanatha kupeza mankhwala, choncho uthenga unali woopseza: Edzi ndi imfa. Mu 2004 ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma. Mu 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe wapezeka ndi kachirombo, pofuna kuteteza mayi ndi mwana yemwe. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi HIV amayamba mankhwala msanga, osadikira kuti chitetezo cha m'thupi mwake chiyambe chatsika. Lero tikudziwanso kuti munthu yemwe akumwa ma ARV mwandondomeko, mpaka tizirombo kuchepetsetsa m'magazi mwake moti makina oyezera sakutionanso, sapatsira mnzake kachirombo pogonana.

Tsopano tadzifunseni, kodi zisudzo zathu zimanena zimenezi? Nthawi zambiri sewero lathu limatha chimodzimodzi. Mtsikana wakonda ndalama, wadwala, waonda, wamwalira, anthu akulira maliro. Sewero limeneli tinalitengera kwa akuluakulu athu a m'makalabu a Edzi Toto, ifenso tikulipereka kwa ana obwera m'mbuyo mwathu osasintha kanthu. Komatu pagulu loonerera pamakhala mnyamata yemwe anabadwa ndi kachirombo, akumwa mankhwala tsiku lililonse, ali ndi thanzi ndipo akukonzekera mayeso a Fomu 4. Sewero lotere limamuuza kuti adzibise. Ndipo munthu wobisa botolo la mankhwala kuti anzake asalione, ndi amene amadumphitsa masiku akumwa.

Vuto si lakuti ndife ouma mitu ayi. Vuto ndi lakuti timaphunzitsa anzathu zomwe tinamva, osati zomwe tawerenga. Kafukufuku wa dziko lonse yemwe anachitika mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 9 ali ndi HIV, ndipo akazi ndi ochuluka kuposa amuna. Izi zikusonyeza kuti nkhondoyi siinathe. Msilikali wopita kunkhondo ndi zida za zaka 20 zapitazo sangapambane.

Nkhani imamasula pakamwa

Chifukwa chachiwiri ndi chamanyazi. Pa ntchito yanga ya ulangizi wa zaumoyo ndimaona kuti ukafunsa achinyamata pagulu kuti, “Ndani ali ndi funso lokhudza kugonana?” onse amayang'ana pansi. Koma ukawawerengera nkhani ya mtsikana yemwe akukakamizidwa ndi bambo wolemera, kapena ya mnyamata yemwe akuopa kuuza chibwenzi chake kuti ali pa mankhwala, manja amakwera okha. Wina amati mtsikanayo akanauza azakhali ake. Wina amatsutsa kuti azakhaliwo ndi omwe akudya ndalama za bambowo. Mkangano umakoma, ndipo pakati pa mkanganowo pamakhala munthu yemwe akufunsa za moyo wake weniweni popanda wina kudziwa.

Umu ndi momwe agogo athu ankachitira ndi nthano madzulo. Sankaloza mwana chala kuti iwe ndiwe wadyera, ankangosimba za fisi, mwana n'kudzimvera yekha. Buku limagwira ntchito yomweyo. Limatipatsa munthu woti timudzudzule, timumvere chisoni ndi kumulangiza, popanda kuchititsa manyazi aliyense mwa ife.

N'chifukwa chake sindikunena kuti tiziwerenga timabuku ta zaumoyo tokhatokha. Ambirife tinakumana ndi buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Ntara, lomwe linatuluka mu 1933, kalekale Edzi isanamveke. Koma mnyamata wosamva malangizo, woyenda ndi anzake oipa, wopita kutali kukafuna ntchito, kenako n'kudzasintha moyo wake, kodi sitikumuona m'midzi mwathu lero? Kukula ndi Mwambo la J. W. Gwengwe lingatipatse mpata wokambirana miyambo yomwe imatimanga ndi ina yomwe masiku ano ingatiike pachiswe. Kusukulu mabuku otere tinkawawerenga kuti tikhoze mayeso. Kukalabu tiwawerenge kuti tikhoze moyo.

Mphekesera za pafoni

Chifukwa chachitatu chili m'matumba mwathu. Masiku ano uthenga umafika pa WhatsApp ndi pa Facebook usiku ndi usana. Lero ndi munthu wogulitsa mankhwala azitsamba omwe akuti amachotseratu kachirombo. Mawa ndi wina wonena kuti wapemphereredwa ndipo wataya ma ARV. Mkuja ndi uthenga woti makondomu ali ndi tizirombo. Zonsezi ndi zabodza. Mpaka pano palibe mankhwala ogulitsidwa pamsika kapena m'botolo omwe amachiza HIV, ndipo munthu akasiya ma ARV tizirombo timachulukananso, nthawi zina mpaka kuyamba kusamva mankhwala. Pemphero ndi labwino, koma liyendere limodzi ndi mankhwala.

Munthu wozolowera kuwerenga ndi kukambirana amaphunzira kufunsa mafunso atatu asanakhulupirire kanthu: Walemba ndani? Analemba liti? Nanga iyeyo apindulapo chiyani ndikamukhulupirira? Luso limeneli silibwera ndi phunziro la tsiku limodzi. Limabwera pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, mpaka kukhala chizolowezi. Ndipo likakhazikika limathandizanso pa zina, monga uthenga wa anthu akuba wonena kuti mwawina ndalama, kapena wolonjeza ntchito kunja kwa dziko.

“Nanga mabuku tiwapeza kuti?”

Ndikudziwa kuti ena mukufunsa kale funso limeneli. Ndi funso loona, chifukwa buku ndi lodula ndipo m'midzi yambiri mulibe laibulale. Koma kalabu siifuna mabuku 30. Ifuna buku limodzi ndi munthu mmodzi wowerenga mokweza. Kachikalata kamene muli nako m'manjaka ndi poyambira. Kuchipatala chapafupi kumakhala timabuku ndi timapepala ta zaumoyo tomwe nthawi zina timangochita fumbi pa shelefu. Aphunzitsi a Life Skills ndi a Chichewa ali ndi mabuku omwe angabwereke kalabu yodziwika bwino. Okhala pafupi ndi nthambi ya National Library Service angathe kulembetsa ndi kubwereka. Ngakhale tsamba la Chichewa la m'nyuzipepala yakale ndi lokwanira kudzaza ola limodzi.

Chenjezo ndi limodzi: muziona chaka chomwe kabuku ka zaumoyo kanalembedwa. Kabuku ka mu 2005 kangakuuzeni kuti munthu adikire kaye asanayambe ma ARV, zomwe sizikuchitikanso. Kabuku kakale sikanenapo za PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda kachirombo koma yemwe ali pachiopsezo chachikulu amalandira kuti asatenge HIV. Mwinanso sikanena za PEP, mankhwala omwe munthu wogwiriridwa kapena yemwe kondomu yamuphulikira ayenera kuyamba pasanathe maola 72 ndi kumwa kwa masiku 28. Mtsikana wodziwa nambala imeneyi ya 72 sadikira kuti akuluakulu a pabanja ayambe akambirana mlandu kwa sabata yathunthu. Amathamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Choncho kabuku kalikonse ka zaumoyo kadutse kaye m'manja mwa mlangizi wa zaumoyo kapena namwino musanakawerenge pagulu.

Ena akuti, “Nanga anzathu osadziwa kuwerenga?” Iwowa ndiye tisawasiye. M'makalabu mwathu muli anzathu omwe analekezera sukulu ku pulayimale chifukwa cha umphawi, mimba kapena umasiye. Wina akamawerenga mokweza, aliyense ali ndi makutu, ndipo kawirikawiri omwe aona zambiri m'moyo ndi omwe amapereka mfundo zakupsa. Komanso wosiya sukulu akamakhala pafupi ndi buku mwezi ndi mwezi, mantha amachoka. Tsiku lina adzawerenga yekha tsiku lobwerera kuchipatala lolembedwa m'buku lake la kuchipatala, osapempha mnansi kuti amuwerengere zinsinsi zake.

Enanso akuti popanda alawansi kapena zakumwa anthu sabwera. Apa tilankhulane chilungamo. Tinazolowera kuti nkhani ya Edzi imabwera ndi galimoto ya bungwe, malaya olembedwa uthenga ndi envelopu. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa kaye thandizo lake lopita kumaiko akunja, ndipo ntchito zambiri zolimbana ndi HIV m'maiko ngati lathu zinagwedezeka. Phunziro lake ndi lakuti thandizo la kunja lingachepe nthawi ina iliyonse. Kalabu yomwe imakumana pokhapokha kukabwera mlendo idzafa tsiku lomwe mlendoyo adzasiye kubwera. Koma kalabu yomwe imakumana pansi pa mtengo ndi buku limodzi palibe angaitseke.

Tiyambe bwanji?

Choyamba, sankhani tsiku losasinthasintha, mwachitsanzo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse masana, kuti atsikana abwerere kunyumba kusanade ndipo makolo asakhale ndi chifukwa chowaletsa. Auzeni amfumu ndi makolo zomwe mukuchita, asamve kwa anthu ena.

Chachiwiri, werengani zochepa. Mutu umodzi wa buku kapena masamba anayi ndi okwanira. Mphindi 20 zikhale zowerenga, mphindi 40 zokambirana. Mwezi uno nthano kapena nkhani yopeka, mwezi wamawa kabuku ka zaumoyo, kuti anthu asatope.

Chachitatu, muzisinthana kutsogolera. Mwezi uno mtsikana, mwezi wamawa mnyamata. Ngati wapampando ndiye azilankhula yekha nthawi zonse, imeneyo yasanduka kalasi. Wotsogolera abwere ndi mafunso atatu okha: Chachitika ndi chiyani m'nkhaniyi? Kodi zoterezi zimachitika kwathu kuno? Nanga ukanakhala iwe ukanatani?

Chachinayi, khalani ndi kope la mafunso. Funso lililonse lomwe gulu lalephera kuyankha lilembedwe popanda dzina la wofunsa, ndipo mlembi alipititse kwa mlangizi wa zaumoyo. Mayankho awerengedwe poyamba pa mkumano wotsatira. Musamayankhe mongoganizira nkhani ya mankhwala. Paja amati safunsa anadya phula.

Chachisanu, ndipo ichi ndiye chachikulu, sungani chinsinsi. Pasapezeke wokakamizidwa kunena momwe m'magazi mwake muliri, ndipo pasapezeke wotchula dzina la munthu wa m'mudzi ngati chitsanzo. Lamulo la dziko lino lokhudza HIV ndi Edzi, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, limaletsa kusala munthu chifukwa choti ali ndi kachirombo, ndipo limateteza chinsinsi chake. Zokambidwa pa tsiku lowerenga zithere pomwepo. Kalabu ikangodziwika ndi miseche, omwe akufunikira thandizo kwambiri ndi omwe amayamba kuthawa.

Mamembala omwe anasamukira kutauni kapena ku Joni musawaiwale. Ngati muli ndi gulu la pa WhatsApp, atumizireni mafunso a mwezi umenewo kuti nawonso aponyepo maganizo. Koma nkhani za munthu zisalembedwe pafoni, chifukwa zolembedwa pafoni zimayenda ulendo wosabwerera.

Tisadikire wina

Sindikunena kuti kuwerenga kokha kuthetsa Edzi. Buku silingalowe m'malo mwa kudziletsa, kukhulupirika, kondomu, kuyezetsa magazi kapena kumwa mankhwala mwandondomeko. Silingathetsenso umphawi womwe umakankhira atsikana ena m'manja mwa azibambo andalama. Koma zonsezi zimayamba ndi munthu wodziwa zoona, wotha kufunsa komanso wolimba mtima kulankhula. Munthu wotere sabadwa, amapangidwa, ndipo tsiku lowerenga ndi amodzi mwa malo omwe angapangidwire.

Pempho langa kwa apampando ndi alembi a makalabu ndi ili: pa mkumano wanu wotsatira ikani nkhaniyi pa ndondomeko ya zokambirana. Sankhani tsiku, sankhani wowerenga, sankhani nkhani yoyamba. Mukabwera asanu okha, yambani asanu omwewo, poti pang'onopang'ono ndi mtolo. Pakatha miyezi 12 mudzakhala mutawerenga nkhani 12 ndipo kope lanu lidzakhala lodzaza ndi mafunso oyankhidwa. Sewero lomwe mudzachite pa 1 Disembala chaka chimenecho lidzakhala losiyana ndi lakale, ndipo mnyamata uja wa Fomu 4 adzaonera mutu uli m'mwamba.