Kutukwana kopanda mawu otukwana

Abale inu, m'tauni muno muli akuluakulu ena amene amatseka makutu akamva kondakitala wa minibasi akutchula ziwalo zobisika. Koma iwo omwewo akafika kunyumba amafunsa za wantchito wawo kuti, "Kodi chapita kuti chimenechi?" Ati iwo satukwana. Bodza lamkunkhuniza!

Tisanamizane. Kondakitala uja wangotchula chiwalo chimene aliyense ali nacho. Bwanayu wachita zoposa. Wamuchotsa munthu m'gulu la Mu-A, lija tinkaloweza ku pulayimale, momwe muli mwana, mlendo ndi mphunzitsi, n'kumuponya m'gulu la Chi-Zi, momwe muli chitsa, chigubu ndi chimbudzi. Ndipo Chichewa sichilola kuti uchite zimenezi kamodzi kokha ayi. Mgwirizanitsi amakakamira liwu lililonse: chimenechi changobwera, chadya, chagona. Chiganizo chimodzi, makofi anayi.

Ka- nayenso ngwaululu. "Kamphunzitsi kanu kaja kati chiyani?" Palibe liwu lonyansa apa, koma ulemu wonse wa munthu wathera pomwepo. Musandinamizire kuti ndati ka- aliyense ngwachipongwe. Dzina loti Kamuzu ndi muzu wokhala ndi ka- kutsogolo, ndipo mwini wake adalamulira dziko lino kuchokera 1964 mpaka 1994.

Ngakhale kutukwana kwa pamsika kumene mumakunyansidwako, tayang'anani kapangidwe kake. "Mutu wako!" Mutu ndi liwu laukhondo, ndipo mneni palibe. Choluma ndi -ko uja, amene wakhala pomwe panayenera kukhala -nu. Wofuna kuthira tsabola amangowonjezera chi- kutsogolo ndi "ngati" kumbuyo: "chimutu chakocho ngati dzungu". "Amako" ndi "amayi anu" ndi mayi mmodzi yemweyo, koma loyambalo lagululitsa anthu mano.

Nanga "galu iwe"? Akanena msuweni wako mumaseka nonse mpaka misozi. Ndiye kuti vuto si galuyo, koma kuti ndani akunena kwa yani, nanga winayo ali ndi mphamvu yobwezera kapena ayi. Msuweni umam'bwezera. Kondakitala umam'bwezera, n'kutsika pa siteji yotsatira.

Wantchito uja sangabweze. Wamva zonse ali kukhitchini, mbale zili m'manja. Akati akadandaule, amufunsa kuti, "Adakutukwana kuti chiyani?" Ndiye iye ayankhe kuti chiyani? Kuti adanena kuti chi-?