Pathupi pa Mapasa: M'mera M'poyamba

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za pathupi pa mapasa. Ambiri a ife tinakula ndi mwambo wobisa pathupi kufikira mimba itaonekera, ena poopa anthu oipa mtima, ena podikira malangizo a anamkungwi. Kubisira anthu a panjira si kulakwa, koma azamba a kusikelo musawabisire, makamaka ngati ana ali awiri.

Mudziwa bwanji? Mimba imakula msanga kuposa miyezi yake, nseru ndi kusanza zimanyanya, ndipo thupi limatopa kwambiri. Ngati kuchikazi kwanu kumabadwa mapasa, khalani tcheru. Komabe zimenezi ndi zizindikiro chabe. Chotsimikiza ndi makina ounikira m'mimba, amene savulaza mayi kapena mwana.

M'chaka cha 2016, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi ayambe sikelo pasanathe masabata 12, aonane ndi azachipatala kasanu ndi katatu, ndiponso aunikidwe masabata 24 asanakwane. Kwa mayi wa mapasa kufulumira kumeneku nkofunika koposa. Pakati pa masabata 11 ndi 14 mpamene dokotala amaona bwino ngati mwana aliyense ali ndi nsengwa yakeyake, kapena onse akudyera nsengwa imodzi. Ana a nsengwa imodzi amagawana mitsempha ya magazi, ndipo nthawi zina wina amalandira magazi ochuluka, mnzake ndi kumapinimbira. Ana oterewa afunika kuunikidwa pafupipafupi, masabata awiri alionse kuyambira sabata ya 16 kumene kuli kotheka. Ngati chipatala chanu chaching'ono chilibe makinawa, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala cha boma la kwanu. Zikavuta, a kumeneko adzakutumizani ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.

Zimachitikanso kuti m'miyezi itatu yoyamba mwana mmodzi amaleka kukula. Mayi musadziimbe mlandu, ndipo musaloze mnansi chala. Kawirikawiri wotsalayo amakula bwino ndithu, pokhapokha muzipitabe kusikelo.

Ana awiri amatenga zambiri m'thupi la mayi, choncho magazi amachepa msanga. Imwani tsiku ndi tsiku mapiritsi oonjezera magazi amene mwalandira. Pambale panu pasasowe nyemba, nsinjiro, usipa, mazira, bonongwe ndi chisoso. Gonani m'neti usiku uliwonse, pakuti malungo amatha magazi ndi kuchepetsa sikelo ya ana. Mankhwala oteteza malungo a SP amayambika miyezi itatu yoyamba ikatha, ndipo azamba ndiwo adzakuuzani ngati muli oyenera kumwa. Kayezetseni HIV ndi chindoko pamodzi ndi bambo a kunyumba. Mankhwala a zitsamba ndi ogula pamsika muwapewe.

Matenda a kuthamanga kwa magazi amagwira amayi a mapasa kuposa anzawo. Mukamva mutu waukulu, mukaona chidima m'maso, nkhope ndi manja zikatupa, musadikire tsiku la sikelo. Chimodzimodzinso mukataya magazi kapena madzi, mukatentha thupi, mukamva kupotokola m'mimba, ngakhalenso kusanza kukakulepheretsani kudya ndi kumwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Dziwaninso kuti mapasa oposa theka amabadwa masabata 37 asanakwane. Motero konzekerani msanga. Zitenje, zipewa za ana ndi ndalama za ulendo zikhale pafupi, ndipo a kutali mukadikirire kuchidikiro nthawi ikadalipo. Mapasa abadwire kuchipatala kumene angathe kuchita opaleshoni ndi kupereka magazi, chifukwa mwana wachiwiri nthawi zina amagona mopingasa.

Tsamba lino muwawerengereko abambo ndi apongozi. Mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi ndi khasu akulandireni, kuti mupeze mpata wopuma masana. Ndipo inu amene mwezi wakudumphani kawiri, mawa lomwe vekani chitenje mupite kusikelo.