Wokana Chakudya Asanatchedwe Wamwano

Pamwambo wa dziko lino, mlendo akasamba m'manja ndipo mbale zikavundukulidwa, sayenera kufunsa chimene chaphikidwa. Ngakhale atakhuta, amatema mbamu imodzi kapena ziŵiri kuti mwini nyumba asachite manyazi; ndipo mwana amene akankha mbale pamaso pa akuluakulu amatchedwa wamwano, wonyada kapena woleredwa moipa. Mwambo umenewu ngwabwino, pakuti unabadwa pakati pa anthu odziŵa njala, amene amaona chakudya ngati chinthu cholemekezeka. Komabe alipo anthu ena, ochepa ndithu koma amene angathe kupezeka pasukulu kapena m'mudzi uliwonse, omwe chakudya cholandira mwaulemu choterocho chimawagoneka m'chipatala, ndipo nthaŵi zina chimawapha. Anthu ameneŵa ayenera kukhulupiriridwa akanena kuti chakutichakuti sadya.

Mavuto ake ndi aŵiri, ndipo nkofunika kuwasiyanitsa. Loyamba makolo ankalidziŵa kale, pakuti mawu akuti "kuwenga" sanabwere ndi sukulu: kuyambira kalekale kunali anthu amene nyama ya nkhumba, nsomba zina kapena mazira zinkawatulutsa ziwengo. Lachiŵiri ndi matenda amene madokotala amawatcha coeliac, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza m'mimba. Mu tirigu, mu balere ndi m'mbewu ina ya ku Ulaya yotchedwa rye muli puloteni wotchedwa gluten, amene amachititsa kuti ufa wokandidwa uzimatana ndi kufufuma bwino. Kwa anthu ambiri gluten ndi chakudya ngati china chilichonse. Kwa wodwala coeliac, chitetezo cha m'thupi chimamuyesa mdani, ndipo pomenyana naye chimavulaza matumbo a mwini wake yemwe.

Mkati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tosaŵerengeka toimirira ngati ubweya wa thaulo, timene timayamwa chakudya chogayidwa nkuchipereka m'magazi. Wodwala akamadya tirigu, timinofuti timaphwa mpaka m'matumbomo mumasalala, motero chakudya chimangodutsa. Mwana wotere amadya koma sakula. Mimba imatupa pamene miyendo ndi matako zikufota. Amatsegula m'mimba kaŵirikaŵiri, magazi amamuchepera, ndipo m'kalasi amaodzera. Wamkulu angathe kufooka mafupa, kutuluka zilonda m'kamwa kapena totupa toyabwa kwambiri m'zigongono ndi m'mawondo, ndipo amayi ena amavutika kutenga pakati. Ena samva kupweteka kulikonse ngakhale matumbo akuonongeka. Matendaŵa sapatsirana, koma amayenda m'magazi a pabanja: mwa makolo, ana ndi abale a bere limodzi a wodwala, pafupifupi mmodzi mwa 10 amapezeka nawo.

Dziko linatenga zaka mazana ambiri kuti lidziŵe gwero la matendaŵa. Sing'anga wa Chigiriki, Aretaeus wa ku Cappadocia, anawalemba zaka pafupifupi 1,900 zapitazo. M'chaka cha 1888 dokotala wa ku London, Samuel Gee, anawafotokoza bwino lomwe ndipo anaona kuti mankhwala ake ayenera kukhala m'kadyedwe, koma chakudya cholakwacho sanachipeze. M'chaka cha 1924 Sidney Haas wa ku New York anayamba kudyetsa ana odwalaŵa nthochi zambirimbiri, ndipo ambiri anachira. Nthochi zinatamandidwa ngati mankhwala, pamene chinsinsi chenicheni chinali chakuti anawo anali atawaletsa buledi ndi zina zonse za ufa.

Amene anamasula mfundoyi ndi Willem Dicke, dokotala wa ana mumzinda wa The Hague ku Netherlands, yemwe anayamba kukayikira tirigu nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse isanabuke. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, kumadzulo kwa dzikolo kunagwa njala yoopsa chifukwa asilikali a Germany anatseka njira za chakudya. Anthu pafupifupi 20,000 anafa, ndipo otsala anafika podya anyezi a maluŵa otchedwa tulip. Pakati pa tsoka limenelo Dicke anaona chodabwitsa: ana odwala coeliac anapeza bwino pamene buledi anasoŵa, ndipo anayambanso kudwala buledi atabwerera. M'chaka cha 1950 analemba zimene anapeza ku yunivesite ya Utrecht, ndipo posakhalitsa iye ndi anzake anatsimikiza kuti wolakwa ndi gluten. Phunziro la nkhaniyi nlakuti chakudya chomwe chinapulumutsa mtundu wonse ku njala ndicho chinkadwalitsa ana ochepa aja, ndipo panafunika munthu wodekha woyang'anitsitsa ana ochepawo kuti choonadi chioneke.

Ena anganene kuti ameneŵa ndi matenda a Azungu. Maganizo otero anagwa kale. Pa dziko lonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa 100 ali ndi coeliac, ndipo ambiri a iwo sadziŵa. Chiŵerengero china chachikulu kwambiri chinapezeka mu Africa momwe muno. Kafukufuku wofalitsidwa m'chaka cha 1999 pakati pa ana a mtundu wa Sahrawi, okhala m'misasa ya anthu othaŵa kwawo m'chipululu cha Algeria, anapeza matendaŵa mwa mwana mmodzi pa ana 18 alionse. Ndipo chakudya chawo chachikulu m'misasamo chinali ufa wa tirigu wa chithandizo. Ku Malaŵi, kumene nsima ndiyo chakudya chenicheni, tirigu waloŵa kudzera pa tiyi. Buledi, masikono, mandasi ndi mabisiketi tsopano zili pa msika uliwonse ndi pachipata cha sukulu iliyonse. Popeza kutsegula m'mimba ndi kupinimbira kwa ana zili ndi zifukwa zambiri kuno, monga njoka za m'mimba, madzi oipa ndi kuchepa kwa chakudya, mwana wa coeliac amabisika mosavuta pakati pa anzake, ndipo kumudzi angathe kunenedwa kuti watsemphedwa kapena walodzedwa.

Kuwenga kumayenda mwa njira ina. Coeliac imadya munthu pang'onopang'ono ngati chiswe, pamene chakudya chowenga chimakantha m'mphindi zoŵerengeka, kaŵirikaŵiri maola aŵiri asanathe. Milomo ndi zikope zimatupa, khungu limachita ziwengo, munthu amasanza. Ndipo zikafika poipa, mmero umatsekeka, mpweya umabanika, magazi amasiya kuthamanga bwino. Vuto loopsali limatchedwa anaphylaxis, ndipo mankhwala ake oyamba ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu mosazengereza. Zakudya zimene zimawenga anthu ambiri ndi mtedza, mkaka, mazira, nsomba, nkhanu, soya, chitowe ndi tirigu yemwe. Kumva mphepo m'mimba ukamwa mkaka, kumene kuli kofala pakati pa akuluakulu a mu Africa, ndi nkhani ina ya kulephera kugaya shuga wa mumkaka, ndipo sikutseka mmero.

M'mwezi wa July 2016 mtsikana wa zaka 15, Natasha Ednan-Laperouse, anagula buledi wokhala ndi ndiwo mkati pabwalo la ndege la Heathrow ku London. Chitowe chinkamuwenga, choncho anaŵerenga pepala la pa chakudyacho, koma silinatchule kuti mu ufa munali chitowe. Anayamba kubanika ndege ili m'mwamba. Bambo ake anamubaya adrenaline kaŵiri, komabe anamwalira tsiku lomwelo mumzinda wa Nice ku France. Makolo ake anamenyera nkhondo kusintha kwa malamulo, ndipo kuyambira pa 1 October 2021 aliyense wogulitsa chakudya chokutiratu pamalo pake ku Britain amakakamizidwa kulemba zonse zimene zili mkatimo. Mtsikanayu anachita mbali yake yonse. Chimene chinasoŵa ndi mawu amodzi ochokera kwa wophika.

Munthu amene ali ndi mavuto onse aŵiri, coeliac pamodzi ndi zakudya zingapo zomuwenga, amakhala moyo woŵerengera chilichonse choloŵa m'kamwa. Akakhala mwana wa Folomu 1 pasukulu yogonera komweko, belu la chakudya limene anzake amalithamangira iye limamupatsa nkhaŵa. M'maŵa pangakhale buledi amene sadya, kapena phala la soya limene limamuwenga. Masana masamba angakhale otendera nsinjiro, ndipo tsiku la mazira kapena la usipa, limene ena amaliyembekeza sabata yonse, iye amadya nsima ndi mchere. Akafunsa ophika chimene athira mumphika, amaoneka wovuta. Akakhala chete, amadwala. Paukwati, pamaliro ndi pachinkhoswe amasankha pakati pa kukhumudwitsa abale ndi kudzipweteka yekha. Ngakhale kutchalitchi nkhaniyi imamutsatira, pakuti m'chaka cha 2017 Vatican inakumbutsa kuti mkate wa Misa uyenera kukhala wa tirigu, ngakhale kuti malamulo a mpingowo amalola wodwala kulandira mkate wa gluten wochepa kwambiri kapena kulandira za m'chikho zokha.

Mwayi wa Mmalaŵi pa nkhaniyi ngwakuti munda wa makolo ulibe gluten. Chimanga, mapira, maŵere, mpunga, chinangwa, mbatata, nthochi, maungu, nyemba, nandolo ndi khobwe zonse nzabwino kwa wodwala coeliac. Pamene mnzake wa ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kugula buledi wapadera, wa kuno angathe kudya nsima, kondowole, futali wopanda nsinjiro ngati mtedza umamuwenga, ndi kumwa thobwa la chimera cha maŵere. Misampha ili m'zinthu zing'onozing'ono: fulawa wothira m'chigumu kapena m'zitumbuwa kuti zifeŵe, tchipisi chokazingira m'mafuta a mandasi, supu wa m'mapaketi, masoseji, moŵa wa m'mabotolo umene amafulula ndi balere, sefa ndi mthiko zimene zakhudza ufa wa tirigu. Muyeso wa maiko onse umalola chakudya kutchedwa chopanda gluten pokhapokha ngati muli mamiligalamu osapitirira 20 pa kilogalamu imodzi. Ichi chikusonyeza kuti nyenyeswa za buledi zotsalira pampeni ndi nkhani yaikulu kwa wodwala.

Pali mawu otsutsa amene ayenera kumvedwa. Ena amati ana amakono angotengera mafashoni akunja osala zakudya, ndipo sukulu yodyetsa ana mazanamazana singaphikire aliyense mphika wake. M'mawu ameneŵa muli choonadi, chifukwa alipo anthu osala tirigu popanda matenda alionse, ndipo kusala zakudya zambiri mwachisawawa kungadwalitse mwana matenda osoŵa chakudya m'thupi. Nchifukwa chake nkhaniyi iyenera kuthera kuchipatala. Coeliac amaipeza poyeza magazi, kenaka poona kachidutswa ka matumbo. Ndipo woganiziridwa asasiye tirigu asanayezedwe, pakuti akasiya zizindikiro zimabisala. Mtedza nawonso usathamangitsidwe m'makomo. Kafukufuku wa ku London wofalitsidwa m'chaka cha 2015, wa makanda 640, anaonetsa kuti kuwapatsa zakudya za mtedza adakali aang'ono kunachepetsa kuwengedwa ndi pafupifupi 80 pa 100 alionse. Motero mayi wothira nsinjiro m'phala la khanda lopanda vuto akuchita bwino. Koma kwa amene mtedza unayamba kale kumuwenga, nzeru yakuti adye pang'onopang'ono kunyumba kuti azoloŵere ndi yoika moyo pachiswe. Ndipo wodwala coeliac sazoloŵera tirigu mpaka imfa.

Zofunika kuchita nzosalira ndalama zambiri. Mphunzitsi wamkulu polandira ana atsopano afunse makolo ngati pali chakudya chimene chimamudwalitsa mwana, ndipo zimenezo zilembedwe ndi kuperekedwa kwa oyang'anira ogonera ndi kwa ophika. Kupatula ndiwo za mwana mmodzi nsinjiro zisanathiridwe ndi ntchito ya mphindi imodzi. Mphunzitsi wa m'kalasi akaona mwana wotupa mimba, wotumbuluka ndi wosakula ngakhale kwawo chakudya chilipo, alangize makolo kupita naye kuchipatala ndi kutchula za tirigu kwa dokotala. Mwana akatupa milomo ndi kubanika atangodya, imeneyo si nthaŵi yomugoneka pamthunzi kapena kumumwetsa madzi. Athamangire naye kuchipatala. Ndipo wophunzira wothira dala chakudya chowenga m'mbale ya mnzake pofuna kuona ngati akunama alangidwe ngati amene waseŵera ndi moyo wa munthu.

Achinyamata otsiriza sukulu nawonso ili ndi phunziro lawo, pakuti ambiri a iwo ndiwo adzakhale ophika m'malesitilanti, ogulitsa mandasi, anamwino ndi makolo. Wogula akafunsa chimene chili m'chakudya, yankho loona ndilo lofunika, ngakhale yankholo litakhala lakuti wogulitsayo sakudziŵa. Kuyankha kuti mulibe pofuna kungogulitsa ndiko kulakwa kwakukulu pa malonda onse a zakudya.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ulemu wa pachakudya unakhazikitsidwa kuti mlendo achoke pakhomo ali wamphamvu kuposa mmene anafikira. Choncho mwini nyumba amene afunsa mlendo wake, madzi a nsima asanaŵire, ngati pali chimene sadya, wasunga mwambowo mokwanira. Ndipo mwana amene wakankha mbale ayambe wafunsidwa chifukwa chake asanapatsidwe dzina la mwano.