Phungu Wogonja ndi Phala la Ana a Sukulu

Mu 1972 George McGovern adapikisana ndi Richard Nixon pa mpando wa Pulezidenti wa America, nagonja koopsa: mwa zigawo 50 za dzikolo adapambana ku Massachusetts kokha, kuphatikizapo mzinda wa Washington. Mu 1980 anthu akwawo ku South Dakota adamchotsanso m'nyumba ya malamulo yotchedwa Senate, m'mene adawaimira kuyambira 1963. Komabe mkuluyu, amene adamwalira mu 2012, amakumbukika chifukwa cha chakudya cha ana a sukulu.

McGovern adabadwa mu 1922, mwana wa mbusa wa mpingo wa Methodist. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adali woulutsa ndege ku Italy, kumene adaona m'mene njala imazunzira ana. Atabwerera kwawo adaphunzitsa mbiri yakale pa koleji asanalowe ndale. Mu 1961 Pulezidenti Kennedy adamuika kukhala mkulu wa ntchito ya Food for Peace, ndipo maganizo amene adakatula ku Rome chaka chomwecho adathandiza kubala bungwe la World Food Programme, limene lakhala likudyetsa othawa nkhondo ku Dzaleka m'boma la Dowa.

Atachoka pa mpando sadapinde manja. Adagwirizana ndi Bob Dole, wa chipani chotsutsana ndi chake, ndipo mu 2002 aphungu a America adakhazikitsa thumba lodyetsera ana m'sukulu za maiko osauka, lotchedwa maina a awiriwa. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene adalandirako.

Mphunzitsi aliyense wa ku Mponela, Mvera kapena Malomo amadziwa kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, mwana wanjala amangosinza m'kalasi, mwinanso kujomba kumene. Koma thandizo lochokera kutali silodalirika: mu 2025 boma la America lidatseka bungwe lake lothandiza maiko la USAID. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Minda ya ku Dowa ndi Ntchisi imabereka chimanga, soya ndi mtedza, zokwanira kuphikira phala labwino. Chosowa ndi anthu otsogolera. Aphungu ogonja pa chisankho asamazimirire mpaka chisankho china. Akhale pamodzi ndi amene adawagonjetsa, mafumu ndi makomiti a sukulu, kuti sukulu iliyonse ikhale ndi munda ndi nkhokwe yake mvula isanagwe.