Cikalata Coteteza Womenyedwa Cimatengedwa kwa Majisitireti

Mkazi akamenyedwa pamudzi, njira yake imadziwika kale. Amayamba kwa ankhoswe, ndi kupita kwa anyakwawa, ndipo zikakanika amalowera ku Loko Khoti. Njira imeneyi ndi yoyenera pa milandu ya cisudzulo, malowolo ndi cigololo m'maukwati a mwambo, pakuti imeneyo ndiyo nchito ya makhoti aang'onowa. Koma amene ali kuopa kuti mpini umugweranso usiku womwewo afunika cinthu cina, ndico cikalata ca khoti coletsa womzunzayo kumuyandikira.

Cikalata cimeneci cinabwera ndi lamulo lothetsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa m'caka ca 2011. Mphamvu yocipereka ili ku khoti la majisitireti. Ambiri sadziwa zimenezi, motero amataya masabata ndi ndalama za basi pa bwalo limene silingawapatse cimene afuna, kwinaku nkhonya zikupitirira kunyumba.

Funso lina ndi lakuti, majisitireti wa kuti? Apa lamulo linaganizira bwino anthu a kumidzi. Wodandaula angathe kupita ku khoti la kumene iye akhala kapena kumene agwira nchito, la kumene akhala womzunzayo, kapenanso la kumene nkhanzayo inacitikira. Cotero mai amene anakwatiwa ku Petauke nathawira kwa makolo ake ku Katete safunika kubwerera kumene anathawa kuti akadandaule. Safunikanso kuyamba wathetsa ukwati, cifukwa pempho la citetezo ndi nkhani ina, cisudzulo ndi nkhani inanso. Mwamuna wozunzidwa nayenso ali ndi ufulu womwewo, ngakhale manyazi amatsekereza ambiri pakhomo.

Ngati ngozi ili pafupi, majisitireti angathe kupereka cikalata coyembekezera mlandu usanaweruzidwe. Angathenso kulamula kuti wankhanzayo ndiye acoke panyumba. Anthu ena amanyinyirika ndi mfundo imeneyi, amati mwamuna sacotsedwa pa nyumba imene anamanga yekha. Koma kwa zaka zambiri amene anali kugona kuthengo ndi ana anali womenyedwayo.

Boma linatsegula makhoti ofulumizitsa milandu yotere ku Kabwe ndi ku Lusaka m'caka ca 2016, ndipo pambuyo pake ku Chipata. Komabe kwa munthu wa kutali ndi boma, mtunda ukadali bvuto lalikulu. Amene sadziwa poyambira angayambire ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, kapena kwa a zaumoyo ndi a cisamaliro ca anthu, amene lamulo liwalola kuthandiza kupereka pempholo. Cikalata cikatuluka, wocinyozera wapalamula mlandu wina umene ungamulowetse m'ndende, ngakhale ankhoswe a mbali zonse ziwiri atamupepesera.